Laibulale ya DNA ya bakiteriya: kodi ikadali ndi ntchito masiku ano a sequencing?

Wophunzira_Micro: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere. M'kalasi tikuphunzira za laibulale ya DNA, ija amadula DNA yonse ya bakiteriya n'kulowetsa zidutswazo mu ma plasmid, timphete ta DNA timene timadzichulukitsa m'kati mwa bakiteriya. Njira yake ndaimva ndithu. Chimene chikundivuta n'chakuti tikuvutikiranji nazo mpaka lero. DNA yonse ya E. coli anaiwerenga mu 1997, ya kachilombo ka TB mu 1998. Panopa munthu amangotumiza sampulo ku sequencing, kumene amawerenga zilembo za DNA, posakhalitsa genome yonse, kutanthauza DNA yonse ya chamoyocho, yabwera pa kompyuta. Ndiye laibulale ikutiuza chiyani chimene kompyuta singatiuze? Akuluakulu, ndithandizeni.

WaBioinfo: Funso lanu lili m'malo achemwali. Ine ntchito yanga ndi ya pakompyuta, ndipo ndikalandira genome yatsopano ndimangoyerekeza jini iliyonse ndi zimene zili kale m'nkhokwe za pa intaneti kudzera pa pulogalamu ya BLAST. Tsiku lisanathe ndimakhala ndili ndi mayina a majini ambiri. Kwa ine laibulale ndi njira ya makolo. Iphunzireni kuti mudziwe kumene tachokera, koma mphamvu zanu muziike pa kompyuta.

Mphunzitsi_wopuma: Achimwene a pakompyuta, ndiloleni ndikufunseni kanthu kamodzi. Dzina limene BLAST imakupatsani lija, inalitenga kuti? Imangokuuzani kuti jini yanu ikufanana ndi ina imene munthu wina anaiyesa kale mu labu. Ngati palibe anaiyesapo, mumalandira mawu aja akuti hypothetical protein, ndipo mukudziwa nokha kuchuluka kwake m'genome iliyonse. Ngakhale E. coli, amene anthu amufufuza kuposa chamoyo china chilichonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a majini ake alibe umboni wa mu labu wosonyeza ntchito yawo. Mbewu mukhoza kuiyang'ana m'manja n'kunena kuti ikufanana ndi chimanga cha makolo, koma imadziwika bwino ikamera. Laibulale ndi kudzala kumeneko.

Mwana wanga wa Micro, tiyeni tibwereze njirayo pang'onopang'ono, chifukwa yankho la funso lanu lili momwemo. Mumatulutsa DNA yonse ya bakiteriya amene mukumufufuza. Mumaidula ndi enzyme ngati Sau3AI, imene imadula paliponse pamene yapeza zilembo GATC. Zilembo zinayi zimenezi zimapezeka pafupifupi kamodzi pa zilembo 256 zilizonse, pomwe jini ya bakiteriya imakhala ndi zilembo pafupifupi 1,000. Mukaisiya enzyme kuti idule mpaka kumaliza, majini ambiri adzaduka pakati ndipo simudzapindula kanthu. N'chifukwa chake timaika enzyme yochepa kapena kuipatsa nthawi yochepa, kuti idule apa n'kudumpha apo. Zikatero mumapeza zidutswa zazitali zolowererana, moti jini imene yaduka pa chidutswa ichi ili yathunthu pa chinzake.

Kenako mumasankha zidutswa za msinkhu umene mukufuna pa gel, n'kuzilumikiza ndi plasmid yodulidwa ndi BamHI pogwiritsa ntchito T4 ligase. BamHI ndi Sau3AI zimasiya nsonga zogwirizana, ndiye zimalumikizana bwinobwino. Ma plasmid amenewa mumawalowetsa mu E. coli, ndipo colony iliyonse (kamulu ka mabakiteriya ochokera ku selo imodzi) imene yamera pa mbale ya agar yokhala ndi mankhwala yanyamula kachidutswa kakekake. Onse pamodzi anyamula genome yonse.

Apa ndiye pamene pali phindu. Tinene kuti muli ndi E. coli wolumala, amene sangathe kudzipangira leucine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni. Mumamulowetsa laibulale yonse, n'kumudzala pa mbale imene mulibe leucine. Mamiliyoni sadzamera. Ochepa amene amere ndi amene alandira jini yokonza chilemacho. Simunayambe ndi dzina la jini, simunaganizire kuti ili pati. Mwangofunsa funso, bakiteriya wayankha yekha.

WaLabu_yaBoma: Aphunzitsi, mwalongosola momveka. Ife ku labu ya chipatala sitipanga zimenezi, koma ndikutsatira.

Wophunzira_Micro: Zikomo aphunzitsi. Nanga munthu amadziwa bwanji kuti ma colony amene watola akwanira? Mwina jini imene ukuifunayo yangotsala kunja mwatsoka.

Mphunzitsi_wopuma: Funso limeneli analiyankha Louise Clarke ndi John Carbon ku University of California, Santa Barbara, mu 1976, pamene anapanga laibulale ya genome yonse ya E. coli m'ma plasmid a mtundu wa ColE1. Masamu ake ndi awa: N = ln(1 − P) ÷ ln(1 − f). P ndi chitsimikizo chimene mukufuna, f ndi kutalika kwa chidutswa chimodzi mukagawa ndi kutalika kwa genome yonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Genome ya E. coli ili ndi zilembo pafupifupi 4.6 miliyoni. Zidutswa zanu zikakhala za zilembo 10,000, ndipo mukufuna chitsimikizo cha 99 peresenti, mukufunika ma colony pafupifupi 2,100. Mukagwiritsa ntchito cosmid kapena fosmid, mitundu ya ma plasmid imene imanyamula zilembo pafupifupi 40,000, mukufunika pafupifupi 530 basi. Onani kuchepa kwake. Mbale zowerengeka chabe zasunga bakiteriya yense. Komabe musamaime pa nambala imeneyo ndendende. Ma plasmid ena amadzitseka opanda kanthu m'kati, ndipo zidutswa zina sizilowa mosavuta, choncho anthu amatola kangapo kuposa pamenepo.

Chaka chomwecho cha 1976, Kevin Struhl, John Cameron ndi Ronald Davis ku Stanford anasonyeza kuti DNA ya yisiti ikhoza kukonza E. coli wolephera kupanga histidine. Zamoyo ziwiri zotalikirana chonchi, koma jini ya wina inagwira ntchito mwa mnzake. Panthawiyo panalibe genome ya bakiteriya ndi imodzi yomwe imene inali itawerengedwa.

Namwino_TB: Pepani kulowerera akuluakulu. Ine ndine namwino, ndimagwira ku kiliniki ya chifuwa chachikulu, ndipo masamuwa andipitirira. Koma ndaona mwatchula kachilombo ka TB pamwambapa. Kodi zimenezi zikuwakhudza bwanji odwala amene ndimawapatsa mankhwala m'mawa uliwonse?

Mphunzitsi_wopuma: Anamwino, mwachita bwino kufunsa, chifukwa nkhani imene imandigwira mtima kwambiri pa mutu umenewu ili m'manja mwanu momwemo. Isoniazid uja mumapereka, kaya m'mapiritsi ophatikiza a odwala TB kaya woteteza anthu amene ali ndi HIV, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1952. Anapulumutsa anthu osawerengeka, koma kwa zaka 40 panalibe amene ankadziwa bwinobwino mmene amaphera kachilomboko, ngakhale chifukwa chimene tizilombo tina timasiyira kumva mankhwalawa. Gardner Middlebrook anaona kale m'zaka za m'ma 1950 kuti tizilombo tambiri tosamva isoniazid timakhala titataya enzyme ya catalase, koma jini yake inali isanagwidwe.

Vuto linali lakuti Mycobacterium tuberculosis ndi wovuta kugwira naye ntchito. E. coli amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, pomwe iyeyu amatenga pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo colony imaoneka pakatha milungu itatu kapena inayi. Komanso ndi woopsa kwa amene akumugwira. Ndiye ofufuza anatembenukira kwa m'bale wake, Mycobacterium smegmatis, amene sayambitsa TB ndipo amamera m'masiku ochepa. Mu 1990 gulu la William Jacobs ku Albert Einstein College of Medicine ku New York linapeza mtundu wa smegmatis wotchedwa mc²155, umene umalandira ma plasmid mosavuta. Pamenepo khomo linatseguka.

Mu 1992, Ying Zhang ndi Douglas Young ku London, pamodzi ndi Beate Heym ndi Stewart Cole ku Institut Pasteur ku Paris, anatenga smegmatis wosamva isoniazid n'kumulowetsa DNA ya kachilombo ka TB. Anapeza kuti jini imodzi yokha, katG, inamubwezera kumva mankhwala. Taganizani: kumupatsa jini kunamuchititsa kuti azifa. Tanthauzo lake n'lakuti isoniazid amalowa m'selo ali wosaopsa, ndipo enzyme ya kachilombo komweko, KatG, ndi imene imamusandutsa poizoni. Kachilombo kakawononga katG, mankhwala amangokhala osagwira.

Mu 1994 gulu la Jacobs linabwera ndi mbali inayo. Anapanga laibulale kuchokera ku tizilombo tosamva mankhwala, n'kuilowetsa mwa smegmatis womva mankhwala, n'kudzala pa mbale yokhala ndi isoniazid. Amene anamera anali atanyamula jini imene anaitcha inhA. Imeneyi imapanga enzyme yothandiza kupanga mycolic acid, mafuta aja amene amalimbitsa khungu la kachilomboka. Ndiye pamene isoniazid amakamenya. Anaonanso kuti jini yomweyo imateteza kachilombo ku ethionamide. Zonsezi zinachitika genome ya TB isanawerengedwe, chifukwa imeneyo inatuluka mu 1998.

WaLabu_yaBoma: Eee, tsopano ndalumikiza. Mayina amenewa ndimawaona pa zotsatira. GeneXpert imene tili nayo m'zipatala zambiri imayang'ana jini ya rpoB kuti ione ngati kachilombo sikakumva rifampicin. Koma pa line probe assay komanso katiriji ya Xpert MTB/XDR pamalembedwa katG ndi inhA. Ndinkangodziwa kuti katG ikasintha, makamaka pa malo a 315, kusamva kwake kumakhala kwakukulu, pomwe kusintha kwa pa promoter ya inhA, kachigawo ka DNA koyatsa jiniyo, kumabweretsa kusamva kocheperako. Chifukwa chake ndiye chimenechi eti.

Mphunzitsi_wopuma: Ndi chomwecho achimwene. Kusintha kwa pa promoter kumachititsa kachilombo kupanga InhA wochuluka, moti mankhwala amachepa mphamvu koma sakhala opanda ntchito kotheratu. Ndipo wodwala ameneyo ethionamide sangamuthandize bwino, chifukwa mankhwala onse awiri amalimbana ndi enzyme imodzi.

Namwino_TB: Zikomo kwambiri aphunzitsi. Tikamauza odwala kuti asamadumphitse mankhwala, ena amaona ngati tikungowavutitsa. Tsopano ndikhoza kuwafotokozera kuti pakati pa tizilombo tambirimbiri m'chifuwamo pamakhala kena kamene jini yake yasintha, ndipo mankhwala akamamwedwa mwa apo ndi apo, kameneko ndi kamene kamatsala n'kuchulukana.

WaBioinfo: Nkhani ya isoniazid ndi yamphamvu, sindikukana. Koma aphunzitsi, inachitika nthawi imene kunalibe njira ina. Taonani bedaquiline. Mu 2005 Koen Andries ndi anzake analera tizilombo tosamva mankhwala atsopanowo, anawerenga genome yake, anayerekeza ndi ya tizilombo tomva, n'kupeza kusintha pa jini ya atpE, imene ili mbali ya makina opanga ATP. Sanadule genome n'kuisefa colony imodziimodzi. Lero aliyense angachite choncho, mofulumira komanso motchipa.

Mphunzitsi_wopuma: Apo mwanena zoona, ndipo pa funso la mtundu umenewo nanenso lero ndikanayamba ndi sequencing. Koma kumbukirani zimene anachita atapeza atpE. Anatenga jini yosinthikayo, anailowetsa mwa smegmatis wabwinobwino, n'kuona kuti nayenso wasiya kumva mankhwala. Kompyuta inaloza chala, koma chigamulo chinaperekedwa pa mbale ya agar. Stanley Falkow analemba mfundo imeneyi mu 1988: ukanena kuti jini iyi ndi imene ikuchititsa khalidwe ili, uichotse khalidwelo lithe, uibwezere khalidwelo libwerere.

Komanso njira yanu imafuna kuti mukhale ndi awiri ofanana kwambiri oti muwayerekeze. Nanga ngati mulibe? Mu 1985 Ralph Isberg ndi Falkow yemweyo ankafuna kudziwa chimene chimathandiza Yersinia pseudotuberculosis kulowa m'maselo a munthu. Anaika laibulale ya Yersinia mwa E. coli K-12, amene salowa m'maselo, n'kuthira pa maselo olera mu labu. Anatola amene analowa m'kati, ndipo anali ndi jini imodzi, inv, yopanga puloteni ya invasin. Mukanayerekeza ma genome awiriwo pa kompyuta mukanapeza majini osiyana mazanamazana, osadziwa woyambira.

MmalawiKuUK: Moni akuluakulu, ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Ine ndikuchita maphunziro a ukachenjede kuno ku Mangalande, ndipo ndikufuna kuuza achemwali a Micro kuti laibulale sinafe, yangokwatirana ndi sequencing. Pali mbali ziwiri zimene ndikuziona tsiku ndi tsiku.

Yoyamba ndi ya tizilombo timene sitimera mu labu, ndipo m'dothi tambiri ndi totero. Jo Handelsman ndi anzake anabweretsa mawu akuti metagenome mu 1998. Umatenga DNA m'dothi kapena m'chimbudzi cha munthu mwachindunji, umaiika m'ma fosmid kapena ma plasmid, umalowetsa mwa E. coli, n'kudzala pa mbale ya mankhwala. Amene wamera wanyamula jini yoteteza ku mankhwalawo, ndiye umawerenga kachidutswa kokhako. Mu 2009 Morten Sommer, Gautam Dantas ndi George Church anachita zimenezi ndi tizilombo ta m'thupi la anthu athanzi, ndipo majini ambiri amene anapeza anali osiyana kwambiri ndi amene ankadziwika.

Yachiwiri ikukhudza kwathu. Salmonella Typhimurium wa mtundu wa ST313, uja amalowa m'magazi a ana aang'ono ndi a akuluakulu amene ali ndi HIV, wafufuzidwa kwambiri ku Blantyre. Mtundu umene ma labu ambiri padziko amagwiritsa ntchito ngati muyezo, D23580, unachokera m'magazi a mwana ku Blantyre komweko, ndipo genome yake inasindikizidwa mu 2009. Gulu la Jay Hinton ku Liverpool linapanga laibulale ya ma transposon (tizidutswa ta DNA timene timadzilowetsa pakati pa majini) mwa D23580, n'kupeza chinthu chodabwitsa mu 2019. Kachilomboka kali ndi jini ya cysS pawiri, ina pa chromosome ina pa plasmid yotchedwa pBT1, ndipo imene kamadalira kuti kakule ndi ya pa plasmid. Pongoyang'ana zilembo, aliyense akanaganiza kuti ya pa chromosome ndiyo yofunika.

Wophunzira_Micro: Achimwene, laibulale ya ma transposon ndi yofanana ndi imene tikukambiranayi?

MmalawiKuUK: Ayi, ndi zapachibale koma funso lake ndi losiyana. Ya zidutswa ija umawonjezera DNA mwa bakiteriya wina n'kuona chimene wapeza. Ya ma transposon umaswa majini a mwiniwake, selo iliyonse pamalo ake, n'kuona chimene wataya. Ukalera gulu lonselo pamodzi n'kuwerenga malo amene transposon yalowa, jini imene ilibe transposon ndi imodzi yomwe ndiye kuti bakiteriya sangakhale moyo popanda iyo. Njira zochitira zimenezi, TraDIS ndi Tn-seq, zonse zinatuluka mu 2009, ina pa Salmonella Typhi ina pa Streptococcus pneumoniae. Palinso Keio collection ya ku Japan ya 2006, mmene anachotsa majini 3,985 a E. coli imodziimodzi, ndipo 303 inakanika kuchotsedwa.

WaBioinfo: Pamenepo tagwirizana, chifukwa deta ya TraDIS imathera pa desiki panga pomwe. Koma tisabise zofooka za laibulale ya zidutswa. Colony ikapanda kumera sizitanthauza kuti jini kulibe.

Mphunzitsi_wopuma: Inde, ndipo ophunzira azidziwe zimenezi. E. coli sazindikira promoter ya bakiteriya aliyense. DNA ya mycobacteria ili ndi G ndi C pafupifupi 65 peresenti, ndipo majini ake ambiri amangokhala chete mwa E. coli, n'chifukwa chake anthu aja anasankha smegmatis. Majini ena ndi poizoni kwa selo imene yawalandira, moti colony yake imafa musanaione ndipo laibulale imakhala ndi mpata pamalo amenewo. Rotem Sorek ndi anzake anasonyeza zimenezi mu 2007 pofufuza mipata ya m'ma genome 79. Makhalidwe ena amafuna majini ambiri oyandikana kuti agwire ntchito limodzi, ndipo plasmid yaing'ono singawanyamule onse. Apo mumafunika fosmid, kapena BAC imene imatha kunyamula zilembo mpaka 300,000. Ndipo ngati majiniwo ali omwazikana pa chromosome, palibe chidutswa chimodzi chimene chingawagwire.

Chinanso n'chakuti plasmid yokhala ndi makope ambiri m'selo imatha kukupusitsani. Jini imene si yeniyeni mukuifunayo ikachulukitsidwa, nthawi zina imaphimba chilema. Komatu ngakhale zimenezi zimaphunzitsa, monga inhA wabwinobwino akachuluka amateteza ku isoniazid, ndipo umenewo unali umboni wina woti ndi pamene mankhwala amamenya.

WaLabu_yaBoma: Nanga kuno kwathu zingatheke? Ndikufunsa chifukwa tizilombo tosamva ceftriaxone tikutiona pafupipafupi, ndipo ndimalakalaka kudziwa chimene chili m'katimo.

MmalawiKuUK: Zipangizo zake si zachilendo achimwene: incubator, centrifuge, gel, mbale ndi ma enzyme. Chovuta ndi kuzizira. Ma enzyme amafuna −20°C, laibulale yomalizidwa imasungidwa mu glycerol pa −80°C, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali popanda jenereta ntchito yonse imawonongeka. Koma pa tizilombo ta ceftriaxone yambani ndi PCR kapena sequencing, chifukwa kawirikawiri mudzapeza jini yodziwika kale ngati CTX-M-15. Laibulale muisungire kachilombo kamene sikakumva mankhwala koma majini onse odziwika mulibe. Ndipo ntchito yosamutsa majini oteteza ku mankhwala imachitikira mu labu yovomerezeka, ndi chilolezo cha komiti yoona za chitetezo, pogwiritsa ntchito E. coli wofooka wa mu labu, zotsala zonse n'kuziphika mu autoclave.

Wophunzira_Micro: Ndathokoza nonse, mutu wanga watseguka. Funso lomaliza aphunzitsi. Tinene kuti ndadzala laibulale yanga ndipo ma colony asanu amera. Ndingalembe kuti ndapeza jini?

Mphunzitsi_wopuma: Musafulumire mwana wanga. Pakati pa maselo mamiliyoni amene mwadzala, ena amatha kusintha okha pa chromosome n'kumera popanda thandizo la plasmid yanu. Choncho pambali pa mbale yanu pakhale mbale ina ya maselo omwewo amene alandira plasmid yopanda kanthu, muone ngati pamenepo pameranso. Kenako tulutsani plasmid mu colony iliyonse mwa isanuyo, muilowetse m'maselo atsopano olumala aja. Ngati tsopano onse amene ailandira akumera, khalidwelo likuyendadi ndi plasmid. Werengani zilembo za zidutswa zisanuzo muone pamene zikulowererana, chifukwa jini yanu ili m'chigawo chimene zonse zili nacho. Chigawocho chikakhala ndi majini atatu kapena anayi, muwalekanitse, iliyonse m'plasmid yakeyake, muyesenso. Ikatsala imodzi, muiswe mwa bakiteriya mwiniwake amene munatengako DNA, muone ngati khalidwelo latha, kenako muibwezeremo.

Wophunzira_Micro: Ndalemba zonse. Ndiyesa masamu a Clarke ndi Carbon ndi genome ya TB ya zilembo 4.4 miliyoni ndi zidutswa za 40,000, ndibwera nalo yankho kuti mundionere.

WaBioinfo: Mukapeza nambala yoyandikira 500 ndiye kuti mwalondola achemwali. Muyesenso ndi P ya 99.9 peresenti, muone mmene ikukwerera.